Mwini Mau Ndani?

M'caka ca 1969, ku Paris, munthu wanzeru dzina lace Michel Foucault anakamba za dzina la wolemba. Iye anati kale nthano zinayenda popanda mwini. Dzina linayamba kufunika pamene olemba anayamba kulangidwa cifukwa ca mau olakwira lamulo kapena cipembedzo.

Lero mau a pa WhatsApp ayenda monga nthano zija: dzina la woyambitsa litayika pa njira. Koma dzina la wotumiza likhalapo. Wa pa mgodi amene atumiza mbiri yonamizira kapitao wace angathe kukana kuti sanalembe ndiye, koma mlandu upeza iye. Cifukwa cace munthu ayambe wafunsa kumene mau acokera, asanawapitirize m'dzina lace.