Njinga ya a Zaumoyo Ikaima Pakhomo



Ine lero ndabwera ndi nkhani ya njinga. Njinga ya alangizi a zaumoyo, aja timati a HSA, ikangoima pakhomo pa mayi woyembekezera, kumjigo mbiri yafika kale: "Ujeni ali nako." Nanga amathamanga nayo mbiriyi ndani? Ndife tomwe achinyamata, kubawo ndi kumpira.

Anzanga, a zaumoyo amayendera mayi aliyense woyembekezera, kaya ali ndi HIV kaya alibe. Amamukumbutsa za sikelo, kugona m'neti ndi kukachilira kuchipatala. Mwana akabadwa amabweranso kudzaona mchombo ndi mmene akuyamwira.

Koma tinene kuti mayiyo alidi nako kachilomboko. Kuyambira 2011, ku Malawi kuno mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi HIV amayamba ma ARV osadikira kuti adwale, ndipo amamwa moyo wake wonse. Mwana amapatsidwa mankhwala amadzi omuteteza kwa masabata 6 oyamba. Amayezedwa magazi akakwanitsa masabata 6, kenako miyezi 12, komaliza miyezi 24. Bungwe la WHO limati popanda chithandizo, ana 15 mpaka 45 mwa 100 aliwonse obadwa kwa amayi otere amatenga kachilomboko, koma ndi chithandizo safika ndi 5 omwe.

Tsono vuto lili apa. Mayi akatopa ndi miseche amati, "Musabwerenso pakhomo panga." Akadumphitsa tsiku la mankhwala kapena loyezetsa mwana palibenso womukumbutsa, chonsecho akuyamwitsa. Kachilombo kakachulukanso m'magazi kangathe kupita kwa mwana kudzera mu mkaka wa m'mawere. Kwa atsikana amsinkhu wathu n'kovutirapo, chifukwa ambiri amabisa mimba mpaka yaonekera yokha, sikelo n'kuyamba mochedwa.

Anyamata, inunso musamathawire kunyanja mukaona njingayo. Khalani pamphasa pomwepo mumve nawo, ndipo pa sikelo yoyamba muperekezeni mnzanuyo mukayezetsere limodzi.

Pempho langa n'lakuti kalabu iliyonse iitane mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake pa msonkhano wotsatira, adzatifotokozere yekha ntchito yake. Mafunso amene mumachita nawo manyazi muwalembe pa kapepala osalemba dzina, mupatse alembi.