Utsi wa Fodya ndi Mwana Amene Ali M'mimba



Tsiku la 31 Meyi lili ndi maina awiri. Mu Mpingo ndi tsiku limene timakumbukira ulendo wa Maria wopita ku dziko la mapiri kukacheza ndi mbale wake Elizabeti, ndipo chikondwerero chimenechi chidaikidwa pa tsikuli m'chaka cha 1969. Kunja kwa Mpingo, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidapatula tsiku lomweli kuti lizikumbutsa anthu za kuopsa kwa fodya. Amene adasankha masikuwa sadapangane ayi, komabe nkhani ziwirizi zikukumana. Pa ulendo uja padaonana amayi awiri, onse oyembekezera, ndipo Luka Woyera akutisimbira kuti moni wa Maria utalowa m'makutu a Elizabeti, mwana adatakataka m'mimba mwake. Chimene chidafika kwa mayi chidafikanso kwa mwana. Lero tikambirane za chinthu china chimene chimafika kwa mwana podzera mwa mayi wake, ndicho utsi wa fodya.

Mwina ena mwa inu mwayamba kale kuseka chamumtima, mukuti: "Bambo asokera lero. Amayi a kwathu kuno sasuta." Mukunena zoona, koma si zonse. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti m'Malawi muno amuna pafupifupi 12 pa 100 aliwonse ankasuta, pamene akazi osuta anali ngati mmodzi yekha pa 100. Motero mawu athu a lero akulunjika poyamba kwa inu abambo. Taganizani za nyumba za antchito za pa esiteti, momwe zilili zazing'ono. Mwezi wa Juni uli pakhomo. Chiperoni chikatsika, nkhungu n'kuphimba tiyi yense, timatseka chitseko, timatseka zenera, ngakhale ming'alu timaitsekera ndi nsanza. Bambo abwera kuchokera ku fakitale atazizidwa, akhala pampando, apichira chingambwe chao kapena ayatsa ndudu. Mayi ali pomwepo pamphasa, ali ndi pakati pa miyezi isanu. Woyatsa ndi mmodzi, koma osuta m'nyumbamo ndi atatu, ndipo wachitatuyo sangathe kudzuka n'kutuluka panja.

Tiyeni timvetse bwino momwe zimachitikira, pakuti munthu sasiya chinthu chimene sakuona kuipa kwake. Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo ake. Mpweya wake, monganso chakudya chake, amaulandira kuchokera m'magazi a mayi wake, podzera mu nsengwa ndi mumchombo. Tsono mu utsi wa fodya muli zinthu zoposa 7,000, koma ife titchulepo ziwiri zokha. Choyamba ndi mpweya woipa umene madokotala amautcha carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, ndipo umakakamira pamalopo mwamphamvu koposa maulendo 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwinowo. Chachiwiri ndi chikonga, chimene chimafinya mitsempha ya magazi mpaka njira yopita kwa mwana ichepe. Inu amene mumathirira mbande ku nazale mukudziwa zimene zimachitika munthu akaponda paipi: madzi amatuluka ndithu, koma mongodontha, ndipo mbande za kumapeto kwa bedi zimanyentchera. Mwana amene magazi ake akufika ochepa, ndipo ochepawo ali osowa mpweya, ndiye mbande ya kumapeto kwa bedi.

Anthu a ku Thyolo safunika kuphunzitsidwa za sikelo. Mayi wothyola tiyi ku Satemwa, ku Makwasa kapena ku Naming'omba amayang'anitsitsa pamene masamba ake akukwezedwa pa sikelo, pakuti kilogalamu iliyonse ndi ndalama, ndipo palibe angalole kuti munthu wodutsa atapemo dzanja m'dengu lake masamba asanayezedwe. Koma pali sikelo ina, ya ku chipatala, imene amaikapo mwana atangobadwa. Madokotala adaona kuti ana a amayi osuta amabadwa opepuka ndi magalamu pafupifupi 200 poyerekeza ndi anzao. Kwa mayi amene amangopuma utsi wa mwamuna wake kupepukako sikufika pamenepo, komabe kulipo. Magalamu 200 pa dengu la tiyi si nkhani yokatengera kwa kapitawo. Koma mwana wosakwana makilogalamu 2.5 amawerengedwa kuti ndi wochepa thupi: sachedwa kuzizidwa, amayamwa movutikira, ndipo matenda samuchitira manyazi. Fodya ndiye munthu wodutsa uja, amatapa m'dengu sikelo isanafike.

Tidamvapo ena akunena kuti mwana wochepa ndi mwayi, poti amabadwa mosavuta. Maganizo amenewa ndi olakwika. Fodya sachepetsa mwana yekha. Amafooketsanso nsengwa, kotero kuti nthawi zina imachoka pamalo pake mwana asanabadwe, mayi n'kutaya magazi ambiri. Amachulukitsa kupita padera, kubadwa kwa mwana wakufa kale, ndi kubadwa masiku asanakwane. Zimenezi si zachilendo kwa ophunzira za mankhwala. Kale m'chaka cha 1957 dokotala wina wamkazi wa ku California, Winea Simpson, adalemba kuti amayi osuta ankabereka ana osakhwima kawirikawiri kuposa amayi osasuta.

Ndipo dziko lathu lino silingapepuse nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane. Lipoti limene WHO idatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2012 lidaika Malawi pamwamba pa maiko onse: ana 18 pa 100 aliwonse ankabadwa nthawi isanakwane. Amene adalowapo ku Gogo Chatinkha, m'chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, adaona amayi atamangirira tiana tonga nkhonya pachifuwa usana ndi usiku kuti tisazizidwe. Sitikunena kuti fodya ndiye wachititsa zonsezi ayi. Malungo, kuchepa kwa magazi, njala, ndi atsikana kutenga mimba akadali aang'ono, zonsezi zili ndi gawo lalikulu. Koma pa adani onsewa, fodya yekha ndiye timachita kumugula ndi ndalama zathu, n'kumulowetsa m'nyumba ndi manja athu.

Tsopano kwa inu amayi. Ndudu mwina simuyatsa, koma alipo pakati panu amene ali ndi kabotolo ka fodya wa mphuno komangidwa pansonga ya chitenje, ndipo ena amaika fodya kukamwa, ati athetse mseru kapena kuwawa kwa dzino. Fodya ameneyu ndi wakale pakati pathu, mpaka adalowa m'miyambi: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Utsi alibe, koma chikonga ali nacho, ndipo chimafika kwa mwana monga chija cha mu ndudu. Aliponso amayi achitsikana amene amasuta mobisa, ndipo pofika ku sikelo anamwino akawafunsa amakana chifukwa cha manyazi. Ana athu, musakane. Mzamba wa ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena wa ku Malamulo safunsa kuti akuweruzeni, amafunsa kuti adziwe momwe angatetezere mwana wanu. Ndipo imvani nkhani yolimbitsa mtima. Kafukufuku amene adachitika ku New Zealand ndi ku Australia, nafalitsidwa mu 2009, adaonetsa kuti amayi amene adasiya kusuta mimba isanakwane milungu 15 adabereka ana okwana masiku ndi olemera monga a amayi amene sankasuta. Mmera mpoyamba. Komabe amene wapitirira milungu imeneyi asati kwatha, pakuti mwana amanenepa kwambiri m'miyezi itatu yotsiriza, ndipo mpweya woipa uja umayamba kuchoka m'magazi tsiku lomwelo limene munthu wasiya.

Makolo athu ankadziwa kuti mimba si ya mkazi yekha. Anankungwi akamalangiza banja loyembekezera mwana woyamba, ankaitananso mwamuna, namuuza kuti mayendedwe ake angathe kupweteka mkazi ndi mwana. Pa zifukwa zimene ankapereka tingathe kutsutsana, koma mfundo yake inali yolunjika: bambo ali ndi mbali yake. Ife a masiku ano tidasunga zoletsa zambiri za mkazi, zina zopanda pake, monga kumukaniza mazira amene thupi lake likuwafuna, kapena kumudzudzula akaima pakhomo. Koma choletsa chenicheni, chimene chikanakhudza thumba la malaya a bambo, tidachisiya. M'buku la Oweruza, mutu 13, muli nkhani ya Manowa, bambo wake wa Samisoni. Mngelo atauza mkazi wake kuti asamwe vinyo kapena chakumwa chaukali pa nthawi ya pakati, Manowa sadati izo nza akazi. Adapemphera kuti mthengayo abwerenso, kuti nayenso amve ndi makutu ake zoyenera kumchitira mwanayo. Ndi angati mwa ife abambo amene tidaperekezapo akazi athu ku sikelo ndi funso lotere?

Sitikunamizani kuti kusiya fodya nkosavuta. Chikonga chimagwira munthu ngati goli, ndipo amene sadasutepo asafulumire kunyoza. Mlungu woyamba ndiwo wowawa: mutu umapweteka, tulo timasowa, mtima umapsa ndi kanthu kakang'ono. Pakatha milungu itatu kapena inayi zambiri mwa izi zimazilala. Chilakolako chenichenicho chikabwera sichikhala tsiku lonse. Chimakwera, chimatha mphindi zowerengeka, n'kutsika. Ntchito yanu ndi kupirira mphindi zimenezo: imwani madzi, tafunani nzimbe kapena mtedza, tulukani muyende pang'ono. Sankhani tsiku, muuze mkazi wanu ndi mnzanu mmodzi wokhulupirika, ndipo pa tsikulo fodya yense ndi machesi ake zichoke m'thumba. Dziwani malo amene amakugwetsani. Kwa ambiri ndi tsiku la malipiro, pamalo a mowa, pomwe ndudu imodzi imazungulira anthu asanu. Kuchepetsa kokha sikokwanira, chifukwa palibe muyeso wa utsi umene uli wabwino kwa mwana. Ndipo mukagwa pa tsiku lachisanu, yambaninso pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ambiri amene adasiyiratu adayesa kangapo. Mayi woyembekezera asagule yekha mankhwala osiyira fodya popanda kufunsa ku chipatala.

Ndalama imene ikanapita kwa wogulitsa ndudu iikeni m'kachitini tsiku ndi tsiku. Pofika mwezi wachisanu ndi chinayi mudzafuna beseni, zitenje, pepala la pulasitiki, ndi ndalama ya ulendo wa usiku wopita ku chipatala. Bambo amene sanathebe kusiya, achite ichi kuyambira lero: asasute m'nyumba, ngakhale zenera lili lotsekula, ngakhale mayi atapita kumadzi, pakuti utsi umatsalira m'zofunda ndi m'makoma. Apongozi ndi alamu akabwera kudzacheza, lamulo likhale lomwelo, ndipo wolinena akhale mwini nyumba, kuti mkazi asaoneke wamwano. Mbaula nayo iyakire panja, ndipo isagone m'nyumba.

Tikudziwa kuti kunena za fodya m'Malawi kuli ngati kutukwana mphika umene ukukudyetsa. Minda yambiri ya kuno ku Thyolo idalimapo fodya tiyi asanafalikire, ndipo abale athu ambiri adachoka kuno kukagwira utenanti m'minda ya fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji. Sitikunyoza thukuta lao. Tingowakumbutsa kuti chikonga chimalowanso pakhungu munthu akamathyola fodya wonyowa, choncho ntchito imeneyo isapatsidwe kwa mayi woyembekezera. Boma lathu lomwe, ngakhale limadalira ndalama za fodya, lidavomereza mu 2023 pangano la maiko lochepetsa kusuta. Nayenso malemu Papa Francis adaletsa kugulitsa ndudu mu Vatican kuyambira 2018, ngakhale malondawo ankabweretsa phindu.

Akatekisi athu ndi atsogoleri a m'miphakati, nkhaniyi isathere pa wailesi. Mukamva kuti m'banja lakutilakuti mukuyembekezeka mwana, ndipo bambo wake amasuta, musamuyalutse pa msonkhano. Tumani amuna awiri, makamaka amene adasutapo n'kusiya, apite akacheze naye madzulo, ndipo adzapitenso mlungu wotsatira, chifukwa ulendo umodzi suthandiza munthu amene akulimbana ndi chikonga. Amayi a m'mphakati achite chimodzimodzi ndi mnzao wa kabotolo kaja, mwachinsinsi. Ndipo pamene makolo abwera ku maphunziro okonzekera ubatizo wa mwana, muwafunsenso. Ambiri amapirira miyezi ya pakati, mwana atangobadwa n'kuyambiranso, poganiza kuti ngozi yapita. Chikonga chimatsikira mumkaka wa m'mawere, ndipo khanda logona mu utsi limagwidwa chibayo ndi chifuwa kawirikawiri. Ena amapezeka atafa kutulo popanda kudwala. Miyezi yoyamba ya khanda, maka ikagwera m'nyengo ya chiperoni pamene zitseko zili zotseka, muiyang'anire monga momwe mudayang'anira miyezi ya pakati.