Mawu a Mlembi wa Nthambi pa za Nazale za Ndiwo za Kudimba



Madzi a Shire ayamba kubwerera m'khwawa mwake, ndipo matope amene atisiyira m'mbali mwa dambo ndiwo chuma chathu. Makolo athu kuno kuchigwa anali ndi minda iwiri, wa kumphala wodalira mvula ndi wa kudimba wodalira chinyezi. Wina ukakanika, wina unkadyetsa ana. Kumbukirani Januwale wa 2015, ndi Malichi wa 2023 pamene Namondwe Freddy anakokolola minda ku Makhanga ndi kwina konse. Ambiri amene anadya ndiwo zawozawo chisanu chimenecho anali aja anathamangira kudimba madzi atangophwa.

Tsono nthawi yofesa ndi ino, Epulo ndi Meyi. Anzathu a ku Thyolo kumapiri angachedwe osavutika, koma ife ayi. Kabichi, repu, mpiru ndi anyezi zimafuna kuzizira, ndipo kuzizira kwathu n'kwa miyezi itatu yokha. Ikafika Okutobala, maluwa a phwetekere amayoyoka ndi kutentha kwa Ngabu.

Nazale muike pamalo okwera pang'ono, pafupi ndi madzi koma posafika mvuu. Bedi likhale mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lifike pakati mwendo usanaponde. Phwanyani zibuma, sakanizani manyowa owola bwino, osati ndowe ya dzulo, pakuti imaotcha mizu. Unjikani udzu wouma pamwamba, muutenthe. Moto umenewo umapha njere za udzu ndi tizilombo ta m'nthaka. Pozizira, lembani timizere ndi chala, kutalikirana kwake ngati chikhatho, nimufese mosathithikana. Apa ndipo ambiri timalakwa. Timathira mbewu yonse ya m'pepala pamzere umodzi ngati tikuthira mchere m'ndiwo, kenaka mbande zimatuluka zowonda, nkuwola patsinde, nkugwa zonse tsiku limodzi. Kuthirira kopyola muyeso kumabweretsa nthenda yomweyo. Phimbani ndi udzu, ndipo zikangomera chotsani udzuwo, mumange kachisakasa ka mthunzi kofika m'chiuno. Sabata yomaliza musanawokere, chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zizolowere dzuwa.

Phwetekere ndi kabichi zimawokeredwa patapita milungu 4 kapena 5. Anyezi amafuna milungu 6 mpaka 8, tsinde litanenepa ngati pensulo. Wokerani madzulo. Therere, bonongwe ndi maungu sizifuna nazale, bzalani pomwe zidzakulire. Tsabola ndi mpungabwi musaziiwale m'mphepete.

Za madzi ndinenepo pang'ono. Zitsime zina kuno zili ndi mchere. Lawani madziwo musanathirire. Ngati lilime likana, mbande nazonso zikana.

Chinanso, musafese zonse tsiku limodzi. Tikatero mudzi wonse, phwetekere amapsa sabata imodzi, ogula a ku Nchalo ndi ku Bangula natiuza mtengo wawo, ife nkungovomera chifukwa dengu likuwola. Fesani pang'ono lero, pang'ono pakapita milungu iwiri. Mbewu ya haibridi musasunge njere zake, sizibereka monga mayi wake. Koma bonongwe, therere ndi mpiru wa makolo sungani m'botolo louma ndi phulusa pang'ono.

Agogo athu anakana mitumbira yokakamiza ya boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1950, chifukwa inabwera ndi chindapusa ndi ndende. Zimene ndanenazi palibe mesenjala adzakumangireni. Mlangizi wa zaulimi akabwera, mufunseni popanda mantha.

Komiti yagwirizana kuti tikhale ndi nazale imodzi ya nthambi, yoti amayi amasiye ndi okalamba azitengako mbande. Loweruka m'mamawa tikumane kudimba. Aliyense atenge khasu, ndipo amene ali ndi kheni yothirira abwere nayo.