Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Msonkhano wa Maofesi Oona za Chilengedwe ku Kasungu



Mabelo akayamba kulowa pa msika wa Chinkhoma, ndalama zimamveka kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya. Koma fodya amadya mitengo. Wa bale amafuna milimo ya zigafa ndi mikangala, wa fuluu amafuna nkhuni m'balani usana ndi usiku. Ndiye ndifunse: ndani muno angaimirire n'kutiuza kuchuluka kwa mitengo imene fodya wa chaka chino wadya m'boma lino?

Yankho lilipo, koma linamwazikana. A Tobacco Commission ali ndi kaundula wa alimi, mtundu wa fodya ndi makilogalamu amene aliyense analoledwa. A zamalo amasunga malisi a maesiteti, momwe muli pangano lakale loti 10 peresenti ya malowo ikhale ya mitengo. A zankhalango amadziwa pamene nkhwangwa yalowa m'nkhalango ya Chimaliro. A National Water Resources Authority amapereka ziphaso zopatutsira madzi a Bua ndi Dwangwa, pomwe a MEPA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, amalandira malipoti ounika chilengedwe. Munda ndi umodzi, koma unalembedwa m'mabuku asanu osaonana.

Wopindula ndi ndani? Mwini esiteti atha kugwetsa mtengo womaliza, mawa lake n'kukatenga chiphaso chatsopano, chifukwa wopereka chiphasoyo alibe poonera kuti pangano la m'lisi linaphwanyidwa. Wogwidwa amakhala mayi wosenza mtolo wa nkhuni, popeza iye amaoneka pamsewu. Zimenezi si chilungamo, mafumu anga, ndipo inu mumaziona tsiku ndi tsiku.

N'chimodzimodzi ndi njovu 263 zimene zinachokera ku Liwonde kubwera ku paki ya Kasungu mu 2022. Zikatuluka m'paki, a zanyama amalemba zawo, alangizi amalemba chimanga chowonongeka, koma mwini munda amafuna yankho limodzi.

Ena amati lamulo silitilola kugawana uthenga. Lamulo liti? Kuyambira 2020 lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga likugwira ntchito, ndipo munthu wamba ali ndi ufulu wofunsa zimene boma likusunga. Nanga ofesi ya boma ingamane bwanji ofesi inzake? Mapu ambiri anaikidwa kale pa tsamba la MASDAP, pa intaneti. Chimene chimatipinga ndi mtima woti "fayilo iyi ndi yanga". Ofesala akasamutsidwa, zolemba za zaka zambiri zimakwera naye basi m'laputopu. Mukuseka, chifukwa mukudziwa.

Pempho langa ndi lakuti esiteti iliyonse ndi kalabu iliyonse ya alimi ikhale ndi nambala imodzi yodziwika m'maofesi onse, ndi malo ake pa mapu. Chiphaso cha fodya chisatuluke a zankhalango asanatsimikize kuti mitengo ilipodi, yophuka, osati mbande zongowerengedwa tsiku lobzala. Zachinsinsi za mlimi, monga ngongole zake, zisungidwe bwino. Ndipo mafumu azilandira zotsatira zake m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, poti ndiwo amaweruza milandu ya malire.

Bwana DC, musanabalalike mugwirizane yemwe azisunga kaundula wa manambalawa ndi tsiku loyamba kutumizirana uthenga.

Msonkhano uno ndautsegulira.