Madzi a ku Mara ndi Madzi Osawawa

M'buku la Eksodo, mutu 15, timamva kuti Aisraele atayenda masiku atatu m'chipululu, anafika ku Mara, napeza madzi owawa. M'tsoka lawolo munali mwayi, pakuti lilime linawachenjeza. Lero tifuna kukamba za madzi amene sawawa, sanunkha, ngoyera mbee, komabe ali ndi poizoni.

Ku Parkersburg, m'dziko la America, kampani ya DuPont inkapanga Teflon, chophimba chija cha m'mapoto chimene chimaletsa chakudya kumatirira. Popanga inkagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa PFOA, a m'gulu la PFAS, ndipo zotsalira zake zinalowa mumtsinje wa Ohio ndi m'zitsime. Ng'ombe za mlimi wina zitayamba kufa, loya Robert Bilott anakasuma mu 1999. Pambuyo pake anthu pafupifupi 69,000 anayezedwa magazi, ndipo pofika 2012 akatswiri anapeza kuti mankhwalawo ayenera kuti ndiwo ankabweretsa matenda monga khansa ya impso, matenda a chithokomiro ndi kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Chotiwawitsa mtima nchakuti akuluakulu a kampaniyo ankadziwa za kuopsa kwake, koma anakhala chete, mpaka boma linawalipitsa chindapusa mu 2005. Abale, kukhala chete pamene mwana wa mnzako akumwa imfa ndi tchimo lolakwira lamulo lachisanu.

Tisati nza kutali. Mankhwalawa saola m'dothi kapena m'madzi, ndipo m'thupi amakhalamo zaka. Mu 2022 akatswiri a ku Stockholm anasonyeza kuti ali m'madzi a mvula, ngakhale ku Antarctica kumene kulibe midzi.

Tsono amayi, mumve bwino apa. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo ta kolera, ndipo musaleke konse. Koma PFAS sachoka ndi moto kapena klorini. Chimene chimawachepetsa ndi sefa ya makala okonzedwa mwapadera kufakitale, osati makala athu a pambaula, ndipo sefayo imafuna kusinthidwa pa nthawi yake. Poto wa Teflon wokandika musiyeni. Mphika wadothi umene agogo athu ankaphikira ndiwo ulibe mlandu wotere.

Makatekisiti, mukakumana m'miphakati, kambiranani za malo okumbapo zitsime. Zisakhale pafupi ndi dzala, fakitale, kapena bwalo la ndege, pakuti thovu lozimitsira moto limene amaphunzirirapo kumeneko kawirikawiri limakhala ndi mankhwala omwewa.