Kampango ndi Mbedza za Pansi pa Nyanja: Mau Okambidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Nkhani imene Komiti inapempha kuti ikambidwe lero ndi ya kampango, ndi ya anthu amene amamuwedza ndi mbedza m'mabwato ang'onoang'ono m'dziko lino la Mfumu Mwadzama, kuyambira ku Chia kufikira ku Benga. Chautsa nkhaniyi ndi dandaulo limene lamveka m'madoko, lakuti chingwe chimene kale chinkalemetsa bwato, masiku ano chikwera ndi mbedza zopanda kanthu. Tsono nkoyenera kuti mamembala, ngakhale iwo amene sanagwirepo nkhafi, adziwe makhalidwe a nsomba imeneyi asanaweruze chochita.

Kampango ndi nsomba ya pansi. Alibe mamba, ali ndi ndevu zimene afufuzira nazo chakudya mumdima, ndipo wamkulu ndithu afika mita imodzi m'litali. Usana abisala, usiku ndiye atuluka kukasaka tinsomba. Nchifukwa chake msodzi wa mbedza sapita pa nyanja nthawi imene anzake a khoka apita. Iye ayamba ntchito dzuwa litapendeka, atakhala pa mchenga, kukoleka nyambo ya usipa kapena tizidutswa ta nsomba zina pa mbedza imodziimodzi, nazisanja bwino kuti zisakolane poponya. Chingwe chake nchachitali, cha mbedza zambiri, chokhala ndi mwala kuno ndi mwala uko kuti chigone pansi penipeni, ndi chinthu choyandama pamwamba chomuonetsa pamene anatchera. Makolo ankaikapo mtengo wopepuka; ana a masiku ano aikapo chigubu.

Luso lalikulu lili pa kudziwa malo. Pamadzi palibe njira kapena chitsa, koma msodzi wodziwa ayang'ana kumtunda, napalasa kufikira mtengo wakuti wa pa gombe utalunjikana ndi nsonga ya phiri la Ntchisi, ndipo pamenepo atsitsa mwala nawerenga mikwamba. Mwala ukagunda, dzanja limuuza ngati pansipo pali mchenga, matope kapena thanthwe. Nzeru zotere sizilembedwa m'buku. Mwana aziphunzira atakhala kutsogolo kwa bwato la atate ake kapena la atsibweni ake, ndipo munthu saulula malo ake kwa mlendo. M'mamawa abwerera kukakoka. Pokokapo ndi pamene pagona ngozi, pakuti kampango wamkulu kapena bombe akayamba kuphupha m'mbali mwa bwato, munthu wosasamala atembenuzika nalo. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mwera uwonjezera zake. Mphepo imeneyi siiseweretsedwa: sitima ya Vipya, imene inali yachitsulo, inamira pa namondwe pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba, nipha anthu 145. Nanga bwato la mtengo umodzi?

Anthu ambiri ayesa kuti popeza nyanja njakuya, nsomba za pansi sizingathe. Maganizo amenewa ngolakwa. Nzoona kuti kumpoto nyanjayi ifika mamita 700 kuya kwake, koma kupyola mamita 250 madzi ake alibe mpweya umene nsomba zipumira, kotero kuti kumeneko kulibe kampango ngakhale mmodzi. Munda wake wonse ndi lamba wa m'mbali mwa nyanja. Kuno ku Nkhotakota lambayo ngotambalala koposa wa ku Nkhata Bay, kumene pansi patsetsereka msanga, ndipo limenelo ndi dalitso la gombe lino; komabe ndi munda wokhala ndi malire.

Chimene chiyenera kumveka koposa zonse ndi kaleredwe ka ana ake. Nsomba zambiri ziikira mazira nkuchoka. Kampango satero. Nthawi yoswana ikafika, makamaka m'nyengo ya mvula, wamwamuna ndi wamkazi asendera kumadzi osaya, nakonza chisa pa mchenga, kawirikawiri pafupi ndi miyala. Ana akaswedwa, makolo onse awiri awalondera kopitirira miyezi iwiri, chifukwa tinsomba tolusa tizungulira chisacho usana wonse. Mphunzitsi wina wa ku America, Kenneth McKaye, amene ankamira m'madzi a ku Cape Maclear kukaonerera zisazi, analemba mu 1986 kuti mayi atulutsa mazira osabereka kuti ana ake adye, pamene bambo afukula mchenga ndi pakamwa nawabweretsera tizilombo. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza ana a bombe akuleredwa m'chisa cha kampango pamodzi ndi eni nyumba, akudya nawo chakudya chomwecho. Akuluakulu amene aseka kampango kuti ndi nsomba yopusa aziganizira zimenezi.

Tsono taonani chimene chichitika pamene chingwe chagonekedwa pa miyala ya m'madzi osaya m'nyengo imeneyi. Kholo lolondera silithawa, ndipo nlosavuta kuligwira. Msodzi akwera nalo kumtunda ali wokondwa, mkazi wake naliwamba nkukagulitsa pa msewu wa ku Salima, koma ana onse a m'chisamo atsala poyera. Ndalama ya nsomba imodzi yalowa m'thumba, ndipo nsomba za zaka za m'tsogolo zadyedwa ndi tinsomba.

Pano nkofunika kunena chilungamo, kuti asodzi a mbedza asasenzetsedwe mlandu wonse. Mbedza isankha nsomba imodziimodzi. Siikokolola monga achitira makoka okokedwa ndi sitima, amene anayamba kummwera kwa nyanja mu 1968, kapena maukonde a udzudzu amene anthu ena asandutsa khoka, nagwira tinsomba tomwe kampango akadadya. Matchera a maso aang'ono nawonso agwira kampango asanakule. Zonsezi pamodzi ndizo zafikitsa zinthu pamene zili. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene liwerenga zamoyo za dziko lonse lapansi, linaika kampango m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu, pamodzi ndi mitundu ina ya chambo, litaona kuti kummwera kwa nyanja kagwidwe kake kanatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 pakati pa 2006 ndi 2016.

Zotere zinaonekapo kwina. Ku Newfoundland, m'dziko la Canada, anthu ankawedza nsomba ya pansi yotchedwa cod kwa zaka mazana, ambiri a iwo ndi mbedza m'timaboti, ndipo ankati siingathe. Zitabwera sitima zazikulu inachepa kotero kuti mu 1992 Boma la kumeneko linaletsa kuigwira, ndipo anthu ngati 30,000 anataya ntchito. A timaboti, amene sanaononge kwambiri, anavutika pamodzi ndi oonongawo.

Koma chitsanzo chothandiza chili pafupi, pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, Mfumu Makanjira ndi anthu ake atseka chilumbacho chaka ndi chaka kuyambira Disembala kufikira Epulo, ndipo wophwanya lamulo aweruzidwa ndi mfumu. Lamulolo silinachokere ku Zomba kapena ku Lilongwe. Eni ake analipanga, nchifukwa chake lakhalitsa. Nthawi yotseka nyanja imene Boma lilengeza kuyambira pa 1 Novembala inaikidwa makamaka poganizira chambo ndi makoka, pamene lamulo la za nsomba la 1997 lipatsa anthu a m'madoko mwai wosamala usodzi wao kupyolera m'makomiti a pa gombe. Khomo limenelo nlotseguka.

Palibe amene akupempha kuti mbedza ziletsedwe. Munthu wa bwato limodzi ndi chingwe chimodzi alibe munda wina wokolola m'miyezi ya njala, ndipo lamulo lomulanda chakudya silidzasungidwa. Chopempha nchaching'ono: kuti m'nyengo ya mvula zingwe zizigonekedwa kumadzi akuya, kutali ndi miyala ya zisa, kuti kampango wamng'ono wogwidwa ali moyo azibwezedwa m'madzi, ndi kuti asodzi achikulire a doko lililonse, amene adziwa pamene pali zisa, atchule malowo pamaso pa nyakwawa zao. Mfundo yomalizayi ndiyo idzavuta, pakuti kutchula malo nkuulula chinsinsi cha banja, ndipo mamembala asayembekeze kuti idzatheka pa bwalo limodzi.

Bambo Wapampando, pempho loikidwa pamaso pa msonkhano ndi lakuti bungwe lisankhe anthu anai, awiri mwa iwo akhale asodzi a mbedza, kuti akaonane ndi Mfumu Mwadzama ndi mlangizi wa za nsomba wa ku boma mvula isanagwe, ndi kuti zimene akamve zidzawerengedwe pa msonkhano wotsatira wa Komiti.