Mawu a Adokotala Onena za Zilonda ndi Zotupa

Nkhani imene mmodzi wa anzathu, amene amagwira ntchito yachipatala, anakamba pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu.



Ambiri a inu mukachoka kuchipatala mumandiimbira lamya kuti ndikumasulireni zimene adokotala alemba m'kabuku kanu. Mawu amene amakuopsani kwambiri ndi akuti lesion. Mawuwa ngochokera ku Chilatini, ndipo ankatanthauza kuvulala. Lero dokotala amatchula choncho malo alionse m'thupi amene sakuoneka monga mwa nthawi zonse, kaya ndi pakhungu, m'chiwindi, m'mapapo, ngakhale mu ubongo. Chipere ndi lesion, njerewere ndi lesion, khansa nayonso ndi lesion. Tsono mawuwa paokha sanena ngati matendawo ndi aakulu.

Pakhungu timayang'ana kukula ndi kutukuka kwake. Banga losakwana sentimita imodzi, loti chala sichingalimve mutatsinzina, timati macule. Likatukuka ngati kansungu ndi papule, likakhala lokulirapo, lolimba ndi lozama ndi nodule. Thuza laling'ono la madzi, monga a mashingozi, ndi vesicle, pamene lalikulu ngati lopsa ndi phala ndi bulla. Chithupsa chodzaza mafinya ndi abscess. Chilonda chokumbika ndi ulcer, ndipo chimatha kukhala pamwendo kapena m'mimba.

Koma zimene zimandisowetsa tulo ine ndi zija zosapweteka, chifukwa chithupsa chimakuthamangitsirani chokha kuchipatala. Banga lotuwa loti mukalikhudza ndi thonje simumva kanthu likhoza kukhala khate. Khate limachizika, mankhwala ophatikiza amene bungwe la WHO linavomereza mu 1981 amamwedwa miyezi 6 kapena 12. Koma misempha ikafa kaamba kochedwa, zala sizibwereranso mwakale.

Palinso mabanga akuda kapena ofiirira kumapazi, m'miyendo kapena m'kamwa, nthawi zina mwendo n'kutupa. Awa akhoza kukhala Kaposi's sarcoma, khansa imene Moritz Kaposi anaifotokoza ku Vienna mu 1872. Kachilombo koyambitsa khansayi kanapezeka mu 1994, ndipo nthendayi imakonda anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Ife a msinkhu uno tinaika anzathu ambiri amene anali ndi mabanga otere m'zaka za m'ma 1990. Masiku ano ma ARV, pamodzi ndi mankhwala a khansa, amathandiza kwambiri munthu akafulumira.

Mawu akuti tumour ndiye chotupa. Chikakhala benign sichifalikira kwina; chikakhala malignant chimalowerera m'minofu yoyandikana nacho ndipo chimatha kufalikira kutali. Maso ndi manja a dokotala sangatsimikize zimenezi. N'chifukwa chake amadulako kachidutswa n'kukapima, kumene timati biopsy. Ena mumakana poganiza kuti mpeni udzutsa khansa, koma kukanako kumangotayitsa miyezi. Amayi, kabulu kolimba kosapweteka m'bere musakadikirire. Abambo, chilonda chosapola paphazi, makamaka ngati muli ndi nthenda ya shuga, chisamangomangidwa nsanza.

Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Amene mwabwera ndi timabuku tanu mundipeza pakhonde tikatha kudya.